Zimene Ankandibisira pa Foni ya Lamulungu

1

Dzina langa ndine Filipo Mwale. Kwathu kobadwira ndi ku Namitete, koma ndakalambira kuno kwa Kabudula, kumudzi kwa akazi anga a Kettie, kumene ndinabwera chikamwini ndili ndi mano onse. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, choncho mukapeza polakwika m'kalembedwe mundikhululukire. Koma nkhaniyi ndinaiona ndi maso angawa, sindinachite kumva.

Ana tinabereka anayi, Mulungu anatisiyira mmodzi, Febe. Ndiye mumvetse. Munthu wokhala pamudzi wa eni, wolima munda wa eni, chake chenicheni ndi mwana. Ine ndinalibe china choloza n'kunena kuti ichi ndi changa koma Febe basi, ndipo mantha anga onse anali akuti tsiku lina adzasiya kundiwerengera ngati bambo wake.

Febe anapita ku Mzuzu kukagwira ntchito m'sitolo ya nsalu. Tinasiyana nkhope zili gwa, pa chifukwa chimene ndinena kutsogoloku. Chipitireni ankaimba foni Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Amake ankakhala pakhonde, foni n'kuiika pa sipika, ine ndili pachitsa pafupi ndi chigafa, kunamizira kuyang'ana fodya.

Nkhani zake zinali za masiku onse. Mbuzi yathu yaswa awiri. Denga la tchalitchi likudontha pamene amakhala akwaya. Mwana wa a Chikoti, oyandikana nafe, walephera mayeso koma abambo ake akuuza anthu kuti zotsatira zinasochera. Febe ankaseka mpaka kutsamwa, n'kuyamba zake: mvula ya ku Mzuzu yosadziwa kalendala, nthochi zotchipa ngati zotola, abwana ake amene amayeza nsalu moumira ngati akudula khungu lawo. Amake ankamulangiza kuti azivala juzi, iye n'kuwayankha kuti iwonso asiye kumwa tiyi wa shuga ngati phala. Pomaliza ankafunsa ngati ine ndilipo, ndipo amake ankandipatsira foni.

"Muli bwanji, ababa?"

"Ndili bwino, kaya iwe?"

"Ndili bwino. Fodya ali bwanji?"

"Alipo."

Zinkathera pomwepo. Musaseke. Mawu ochepa amenewo ndinkawadikira sabata yonse, ndipo ndinkadziuza kuti bola akundifunsabe.

2

Zinthu zinayamba kusintha nyengo yokumba mtedza. Amake Febe anayamba maulendo a ku Nambuma, kwa mchimwene wawo Goliati. Ati akazi a Goliati akudwala miyendo, palibe wowatungira madzi. Ndinati pitani. Anapita, anagonako, anabwera, anapitanso. Mtedza unkauma m'munda, akhwangwala n'kumachita phwando, mayi ali pamsewu.

Ulendo wina atabwera anatola mphasa n'kukayala kuchipinda kumene ankagona Febe. Ati msana, bedi likuwapweteka. Bedi lomwelo limene takhala tikugonapo kuyambira Febe asanabadwe. Ndinawayang'ana, iwo n'kuyang'ana pansi.

"Inunso, abambo a Febe, masiku ano mudzisunge."

Ndinafunsa kuti ndidzisungire chiyani, kodi kuli maliro amene sindinamve? Anati ayi, ndangonena.

Ine sindikhulupirira munthu msanga. Anthu amati ndi matenda anga, ine ndimati ndi zimene zandifikitsa pa ukalamba uno. Mkazi akayamba kuyendayenda n'kusamuka pabedi, mwamuna aliyense amaganiza chinthu chimodzi. Ndinayamba kulondera mchere. Kwathu kuno timadziwa kuti mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina sathira mchere m'ndiwo ndi dzanja lake, kuopa kudwalitsa mwamuna wake. Amatuma wina, kapena amanamizira kuiwala. Ndinkakhala pafupi ndi khitchini ngati ndikusema mpini, diso lili pa mphika. Amake Febe ankatapa mchere ndi dzanja lawo n'kuthira, osanjenjemera ngakhale pang'ono. Ndinati apa pali ziwiri: mwina mayiwa ndi osalakwa, mwina afika pofuna kuti ndife. Ndiwozo ndinkadya pang'ono.

3

Foni ya Lamulungu sinasiye. Koma khutu langa linayamba kumva kuti nkhani zake zauma. Amake ankanena za a Chikoti, Febe n'kuseka iwo asanamalize, ngati munthu amene nthabwalayo anaimva kale. Ankafunsa za mtedza koma osadikira yankho. Mawu ake analinso otopa.

Lamulungu lina atandipatsira foni, ndinamva kumbuyo kwake munthu akusinja, nkhuku zikulira, ndi mayi wina akukalipira mwana m'Chichewa chathu chomwechi. Febe ankakhala m'kachipinda ka lendi m'tauni, pakati pa anthu oyankhula Chitumbuka.

"Kodi ku Mzuzu ayamba kusinja m'sitolo?"

Anati wapita kukacheza kwa mnzake kumudzi. Ndinamufunsa ngati mvula ikugwa. Anati inde, yambiri. Ndinabweza foni kwa amake.

Ndinaganiza kuti mwanayo wachotsedwa ntchito ndipo akuchita manyazi kunena. Ndinamumvera chisoni, chitsiru ine. Ndinafika pouza amake kuti amuuze abwere, chimanga chilipo, palibe amene adzamufunse kanthu. Amake anangoti ndamva, n'kunyamula ndowa kupita kumjigo pomwe madzi anali odzadza m'mitsuko.

4

Sabata imeneyo ndinakweza mtedza pa ngolo kupita nawo ku Nsaru. Mavenda anandivuta ndi masikelo awo, tinakangana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mwini ngolo anatopa n'kundisiya. Ndinakagona kwa mnzanga Wilson, amene tinkagwira naye ntchito ku esiteti tili anyamata. Sindibisa, tinamwa. Mpingo umaletsa, ndikudziwa. Tinamwera kwa mayi wina wamasiye, Jenifer, amene amaphika mowa kuseri kwa msika. Ndinamuuza Wilson za mphasa ija, iye n'kuseka mpaka kukhosomola. Anati pa msinkhu wathu uno mkazi akakusamukira uzithokoza, wakupulumutsa ku manyazi. Ndinamwa, ndinalipira, ndinakagona kwa Wilson, mapazi ake ali kumaso kwanga. Kunyumba kunalibe chondithamangitsira, choncho ndinagonanso kachiwiri.

Nditabwerera ndinapeza pakhomo potseka. M'mawa mwake ndili kuseri kumanga fodya, ndinamva njinga yamoto. Anatsika Goliati ndi mlongo wake. Maso a amake Febe anali otupa ndi kulira.

Tinakhala pakhonde. Mumtima ndinati lero ndi lero, abwera kudzaulula. Mawu anga ndinali nditawakonza kale.

Goliati sanazungulire. Iyeyu ndi mwini mbumba, ndipo amayankhula ngati dziko anaumba ndi iye.

"Alamu, ku Nsaru munagona kuti?"

Ndinaseka. Ndinati funso limenelo ndimafuna kufunsa ndine, kuti mlongo wanuyu ku Nambuma amagona kuti. Goliati sanaseke. Anati anthu anandiona kwa Jenifer, ndipo nkhaniyi si yamasewera chifukwa mwana watupa.

"Mwana wa yani?"

Amake Febe anatsika pakhonde n'kugwada padothi.

"Wa Febe."

5

Anandiuza zonse ali chogwada. Febe ku Mzuzu anachokako miyezi ingapo yapitayo. Anali ku Nambuma kwa atsibweni ake, Goliati yemweyo, kumene anabwera kudzadikira, pakuti mimba yoyamba mtsikana amachirira pafupi ndi amake. Anachira mwana wamwamuna. Miyendo ya akazi a Goliati inali yabwinobwino.

Mwamuna wa Febe anali Limbani. Apa ndiye ndinene chimene chinatisiyanitsa ndi Febe. Limbani ndi mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto wa pa Nsaru, amene anabwera kudzafunsira Febe zaka zapitazo ine n'kumuthamangitsa. Ndinkamudziwa. Ndinkamuona pamsika, lero wakweza mtsikana uyu osamulipiritsa, mawa uyo. Ndinauza Febe kuti ameneyu adzakuliza, Febe n'kunyamula chikwama. Sindinadziwe kuti mnyamatayo anamutsatira ku Mzuzu. Chinkhoswe anachitira kwa Goliati, tsiku limene amake Febe anandiuza kuti akupita ku msonkhano wa amayi a Chigwirizano. Ankhoswe analipo, akulu a mpingo analipo. A Chikoti anakadya nawo mpunga, n'kubwera madzulo kudzandibwereka khasu ngati kulibe kanthu.

Ndinafunsa kuti nanga zonsezi ankakambirana liti, poti foni iliyonse ndinkaimva ndi makutu anga.

"Timayankhulana Lachinayi, ndikamachokera ku Chigwirizano," anatero amake Febe. "Ya Lamulungu ija inali yanu."

Mawu amenewa anandilasa kuposa za chinkhoswe. Mbuzi zija, denga la tchalitchi lija, nthochi za ku Mzuzu, zonse zinali zoponyera galu kuti asauwe.

Goliati anati zodandaula tidzakamba tsiku lina. Mkamwini ndi tambala wobwereka, ana ndi a kuchikazi, iye sanalakwire mwambo uliwonse. Chimene anabwerera ndi ichi: khanda likabadwa, kufikira tsiku limene makolo ake adzalitengere kumphasa, makolowo ndi agogo ake onse amayenera kudzisunga. Wina akayenda, mwana amadwala tsempho, amatupa, mwinanso kupita. Amake Febe anadzisunga. Limbani walumbira kuti anadzisunga. Watsala ndani? Amene anagona ku Nsaru.

Ndinati mungandiimbe bwanji mlandu wa mwana amene simunandiuze kuti alipo?

"Mlongo wanga anakuuzani kuti mudzisunge," anatero Goliati. "Kwerani njinga, alamu. Dzuwa likupita."

6

Febe ndinamupeza m'nyumba, atatsamira khoma, wowonda, mwana ali pamiyendo. Sanandipatse moni. Khandalo linali lotupa mapazi ndi kumaso, likulira ndi mawu osatuluka. Limbani anali panja, atakhala pa njinga yake, akuseweretsa makiyi. Sanandiyang'ane.

Ndinafunsa chifukwa chake mwanayo sanamutengere kuchipatala, poti chili pafupi pomwepo. Azimayi amene anadzadza m'nyumbamo anati mwana wa tsempho ukamubaya jakisoni wolakwayo asanaulule, amapita. Mankhwala anali okonzeka kale m'phale. Chimene ankadikira ndi pakamwa panga: ndivomere, ndiviike manja, ndimupake mwanayo. Ndikakana, akhala akudikirabe.

Ndinalumbira pa ana anga atatu amene ali kumanda kuti sindinakhudze mkazi. Ndinati tumani munthu ku Nsaru akafunse Wilson. Goliati anati woledzera sachitira umboni woledzera mnzake. Palibe anandikhulupirira. Wokalamba womwa mowa, wa pakamwa powawa, amene mkazi wake wamusamukira pabedi: mlanduwo unandikwana ngati malaya osokera pathupi.

Pamenepo Febe anadzutsa mutu.

"Ababa, munandikaniza mwamuna, ndinapirira. Tsopano mukufuna mundilande ndi mwana yemwe? Ingovomerani. Sindidzakufunsani kuti anali ndani."

Ndinayang'ana mwanayo. Kachifuwa kake kankakwera ndi kutsika ngati ka mwanapiye wonyowa. Ndinaona kuti ndikaumirira choonadi changa, dzuwa lilowa tikukangana, ndipo mwanayo akamwalira, Febe sadzanditchulanso ababa mpaka ndidzafe. Ndikanama, apita kuchipatala nthawi yomweyo.

"Ndine," ndinatero. "Ndinayenda."

Azimayi anapumira m'mwamba. Wina anati Mulungu ndi wabwino. Anandipatsa mwanayo, ndipo umu ndi mmene ndinanyamulira mdzukulu wanga koyamba: manja ali ndi mankhwala, nyumba yonse ikundiyang'ana ngati chonyansa. Anali wopepuka, wotentha. Chipumi chake chinali changa. Nditamaliza ndinati tsopano kuchipatala, ndipo Limbani analiza njinga.

7

Mwanayo anachira. Anamutumiza kuchipatala chachikulu m'tauni, anagonako masiku angapo, ndipo adokotala ananena dzina la matenda limene sindinaligwire. Kumudzi palibe amene analifuna dzinalo. Onse ankati mwaona, madala aja atangoulula mwana anatsitsimuka. Mpingo unandiimitsa pa mgonero. Lamulungu ndinkakhala benchi ya kumbuyo, a Chikoti akudutsa ndi mbale ya mkate osandiyang'ana. Jenifer, amene sanandilakwire kanthu kupatula kundigulitsa mowa wosasa, azimayi anasiya kumuyankha moni pamsika. Wotcha mwanayo dzina anali Goliati. Anati ndi Joel. Ine ndinamvera kwa anthu.

Ndinapirira zonsezi podziuza kuti anthuwa analakwa mosadziwa, chifukwa cha mantha. Munthu wa mantha umamukhululukira.

Tsiku lina tikusenda mtedza wa mbewu pakhonde, awiriwiri, ndinauza amake Febe kuti tisanafe ndikufuna adziwe chinthu chimodzi: ku Nsaru sindinachite kanthu. Ndinkayembekeza kuti adabwa, kapena akana. Manja awo sanaime n'komwe.

"Ndikudziwa."

Anati m'mawa uja, akubwera kudzanditenga, anaima pa Nsaru kuthira mafuta n'kukumana ndi Wilson. Wilson anawauza yekha, akuseka, kuti ndinagona kwake masiku onse awiri ndipo ndimaliza mkonono ngati chigayo. Amake Febe anatinso Limbani, Febe ali m'chikuta, anasowa pakhomo kangapo, ati njinga inafera ku Mpingu. Goliati ankadziwa. Iwo ankadziwa.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji sanamupanikize iyeyo.

"Tikanamupanikiza, banja la Febe likanatha mwana asanakwane ndi mwezi womwe. Inu ndinu wamkulu, abambo a Febe. Dzina lanu lavutika, inde, koma mwakalamba kale, simukupita nalo kulikonse. Uja ndiye akuyamba kumene."

Anatero mofatsa, akupitiriza kusenda. Kenaka anandiuza kuti ndisasakanize mtedza wowola ndi wabwino.

8

Owerenga anzanga, makamaka inu abambo okhala chikamwini, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni. Chisoni sichibweza dzina. Ndalemba kuti mudziwe kuti m'nyumba mutha kumamva mawu onse koma osamva kanthu. Mukaona mkazi ndi mwana wake akuseka pa foni inu muli pomwepo, musadzitame kuti kwanu kulibe chinsinsi. Dzifunseni kuti zenizenizo amakamba tsiku liti.

Ena mudzati ndinadzichitira ndekha ndi ukali wanga. Mwina. Koma za Limbani ndinanama? Choonadi ndili nacho, mboni ndili nayo, Wilson ali moyo. Nditha kupita kwa akulu a mpingo mawa lomwe n'kutsuka dzina langa, ndi la Jenifer lomwe. Koma ndikatsuka langa, litsiro ligwera pa Limbani, ndipo Febe adziwa kuti mwamuna amene anasiyira bambo wake anayenda iye ali m'chikuta. Kwa zaka ndinkalakalaka tsiku loti mwana wanga aone kuti sindinamunamize. Tsikulo lili m'manja mwanga tsopano, ndipo ndalephera kulitulutsa. Amake ndi Goliati ankadziwa kuti ndidzalephera. N'chifukwa chake anasankha ine. Zaka zonsezi ndimaganiza kuti sakundidziwa, pomwe ankandidziwa pofooka penipeni.

Ndimakhala nawobe amake Febe, nyumba imodzi. Ndipite kuti? Ku Namitete munda wa mayi anga analima kale adzukulu a eni ake. Timapatsana moni, timadya, ndipo anthu amawayamikira kuti ndi mayi wopirira, wosunga mwamuna wachimasomaso.

Mwezi watha Febe anabwera ndi Joel, ulendo woyamba kuponda pakhomo pano chichokereni. Anandipeza kuchigafa, anagwada, n'kundiika mwanayo pamiyendo. Wanenepa, wayamba kukwawa. Febe anati wakhala akundipempherera, ndipo abusa awo anawaphunzitsa kuti munthu asasunge mangawa.

"Ababa, ndakukhululukirani."

Amake anali chiimire pakhomo la khitchini, akundiyang'ana, kudikira kuti nditani.

Ndinati zikomo, mwana wanga.